Khosi la Fatsileni

Senderani pafupi, ndipo nkhunizo muzisonkhezera imodziimodzi. Zimachokera kutali, ndipo nkhani imene mumveyi ndi ya anthu amene amazisenza.

M'tsinde mwa phiri la Zomba, kumene njira za amayi otola nkhuni zimatsikira, kunali mayi wina wamasiye, a Nangondo, amene anali ndi ana aakazi awiri. Wamkulu anali Elube, wamng'ono Fatsileni, ndipo anasiyana zaka zisanu ndi zitatu. Bambo a anawa atamwalira, miyendo ya a Nangondo inayamba kutupa moti khasu linawakanika. Elube anasiya sukulu ali sitandade sikisi n'kuyamba kukwera phiri. Ankalawira kusanache, kukamanga mtolo wautali kuposa munthu, kutsika nawo dzuwa lili paliwombo, n'kukaugulitsa m'tauni. Mitolo imeneyo ndiyo inaphunzitsa Fatsileni mpaka folomu folo, ndipo ndi yomweyonso inamutumiza ku Blantyre kukaphunzira za makompyuta.

Fatsileni akafuna kuperekeza mkulu wakeyo kuphiri, Elube ankamubweza panjira.

"Mutu wakowo ndi wa mabuku," ankatero. "Mitolo undisiyire ine. Tonse tikakhala osenza, adzatitula ndani?"

Elube anakwatiwapo, koma mwamunayo anapita ku Joni n'kuzimirira komweko. Anamusiyira mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Ndaziona.

Tsiku lina m'nyengo ya dzinja, mvula ikuwaza, amayi otola nkhuni aja anafika kumunsi n'kuona kuti Elube palibe. Atabwerera m'mbuyo anakamupeza kumtunda pang'ono kwa kamtsinje kamene njirayo imawoloka. Anali atagwada pakati panjira, manja onse awiri atagwira mtolo, mtolowo udakali pamutu osapendekeka. Anamuitana, iye zii. Atamutula ndi pamene thupi linagwera pansi. Chimene chinamupha palibe anachidziwa. Anali ndi zaka makumi atatu zokha.

Maliro atatha, achibale atakhala pansi kukambirana za mwana wotsalayo, Fatsileni anayankhula pamaso pa onse ndi mawu osasa chifukwa cha kulira.

"Ndaziona ndi wanga. Ndikangopeza ntchito ndidzamutenga akaphunzire kutauni. Mwana wa achemwali sadzasenza mtolo ine ndili moyo."

Anthu anagwedeza mitu. Mwanayo, amene nthawiyo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anali atakhala pakhomo, akumva.

Ntchito anaipezadi chaka chomwecho, pa kashopu kena kotayipa makalata ndi kufotokopa ku Limbe. Koma malipiro anali ochepa, ndipo chipinda chimene anapeza ku Bangwe chinkangokwana bedi, mbaula ndi ndowa. Anati adikire kaye apeze nyumba yokulirapo. Kenako anati adikire teremu ithe. Kenako chaka chithe. Sanali woipa mtima ayi. Mwezi ukatha ankatumiza kangachepe kumudzi, ndipo foni ankaimba. Koma paja Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Khosi linayamba Lolemba lina m'mawa, anthu atangomaliza kukolola. Nthawi inali cha m'ma naini, iye akutayipa kalata ya munthu wofunsira ntchito. Anangomva ngati wina wamuika chinthu pamutu, mosamala bwino, n'kuchisiya pomwepo. Ululu unayambira pankhongo, n'kutsikira m'mapewa monse muwiri. Anagwira pamutu, sanapeze kanthu. Anapirira choncho mpaka dzuwa litapendeka, cha m'ma thu, pamene kulemerako kunachoka kokha n'kutsala kuwawa kwapansipansi. Anati mwina wagonera khosi.

M'mawa mwake nthawi yomweyo, zomwezo. Mkuja, zomwezo.

Ku kiliniki anamupatsa panado. Atabwereranso anamupatsa bulufeni ndi mankhwala opaka otentha ngati tsabola. Patapita miyezi itatu anamutumiza kuchipatala chachikulu, kumene anamujambula ekisileyi ndi kumuyeza magazi. Dokotala wake anali wachinyamata, munthu wofatsa. Anayang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali, kenako anavula magalasi.

"Mafupa anu ali bwinobwino, achemwali. Magazinso ali bwino. Sindikunena kuti mukunama ayi. Kungoti chimene chikukupwetekanicho sichikuoneka."

"Ndiye ndipange bwanji, adokotala?"

"Lilipo tsiku limene mumapezako bwino?"

Fatsileni anaganiza kaye. "Lamulungu. Limawawa ndithu, koma kulemera kuja sikubwera."

"Ndiye mwina ndi kompyutayo. Lamulungu paja simugwira ntchito."

Anamulembera mafizo, masewera olimbitsa khosi, namupatsa kolala yoti azivala m'khosi. Iye anachita zonse zimene anamuuza. Kompyuta anaikweza pamwamba pa mipukutu ya mapepala. Pilo anasintha kawiri, kenako anasiyiratu kutsamira. Anapempha tchuthi cha masabata awiri n'kukhala pakhomo osakhudza kompyuta kapena foni. Koma naini ikakwana, ali chigonere pabedi, chinthu chija chinkabwera ndithu n'kukhala pamutu pake.

Matenda opanda bala alibe owazonda. Poyamba abwana ake, a Kalitera, ankamumvera chisoni, koma miyezi itapita anayamba kutsonya.

"Mtsikana wa zaka twente folo, khosi tsiku ndi tsiku? Nanga ife okalambafe tizidandaula chiyani?"

Anzake ankanong'onezana kuti ndi ulesi. Mnyamata wina amene ankamufunsira, woimba kwaya kutchalitchi, anatopa ndi munthu wosaseka, anangosiya kubwera. Abusa anamupempherera. Eni nyumba imene ankakhala, mayi Chikopa, anapita naye kwa sing'anga wina ku Nguludi amene anamutema mphini zisanu ndi ziwiri pankhongo. Mphini zinapola, khosi silinapole. Fatsileni anaphunzira kutembenuka thupi lonse munthu akamuitana, kumwa madzi osakweza mutu, ndi kuyankha kuti "ndili bwino" kuti asatopetse anthu. Buku lake la kuchipatala linadzaza, anagula lina.

Kumudzi anasiya kupita. Ankadziuza kuti minibasi imamugwedeza khosi, ndipo zinali zoona. Koma chinalipo china chimene sankachitchula ngakhale mumtima: maso a Ndaziona akadzamufunsa kuti, "Mwabwera kudzanditenga?"

Chaka chitatsala pang'ono kukwana, tinthu tina tinayamba kuchitika.

Choyamba chinali chitenje. Anali ndi chitenje chake chobiriwira chimene ankachikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko. Tsiku lina m'mawa anachifuna, palibe. Anafunsa ana a pamalopo, onse anakana. Madzulo pobwera kuntchito, atatsekula loko ndi kiyi wake, anachipeza pakati pa bedi. Chinali chitapotokoledwa n'kuzungulizidwa bwinobwino kukhala nkhata, yomwe amayi amaika pamutu posenza katundu. Pakati pake panali pophwatalala, ngati yangotulidwa kumene. Atachigwira anamva chikufunda.

Anachimasula, anachichapa, anachipinda n'kuchiika pansi penipeni pa sutikesi. Patapita masiku atatu anachipezanso pabedi, chili nkhata.

Kenako kunabwera timasamba. Akamapesa tsitsi madzulo, m'chipeso munkatsala timasamba touma ta paini, tija tonga singano. Tina ankatipeza pakati pa mabatani a kompyuta. Pafupi ndi shopuyo panalibe mtengo wa paini ndi umodzi womwe. Tsiku lina kasitomala wina ananunkhiza m'mwamba n'kufunsa ngati pali amene akucheka matabwa, poti m'shopumo munkamveka fungo la utomoni.

Ndiye panalinso phokoso. Akatuluka masana kukagula chakudya, ankamva kulira pamwamba pa mutu wake, kwetche, kwetche, kwetche, motsatana ndi mapazi ake, monga zimalirira nkhuni zomangidwa ndi luzi. Akaima, nalo linkaima.

"Kodi iwe," anamufunsa a Kalitera tsiku lina, "bwanji ukamalowa pakhomopa umapinda mawondo? Chitsekochi n'chachitali, ngakhale ine sindiwerama."

Fatsileni sankadziwa kuti amatero.

Chimene chinamuopsa kwambiri chinachitika pamsewu wotsikira kumsika wa Limbe, dzuwa likuswa mtengo, anthu ali pikitipikiti. Kamwana kena kamene mayi ake anakagwira padzanja kanawerama msanga iye akudutsa, ngati kakuzinda chinthu, n'kumamuyang'ana pamwamba pa mutu mpaka anapitirira. Kutsogolo pang'ono, mkulu wina wa imvi wogulitsa mipini ya makasu anasendeza katundu wake n'kulozera pakhoma.

"Pepani ndi ulendo, mayi. Tsamiritsani apa mupumeko kaye."

"Nditsamiritse chiyani, agogo?"

Mkuluyo anamuyang'ana kumaso. Kenako anakweza maso pang'ono, kuwayendetsa kutsogolo kwa mutu wake, n'kuwabweza mpaka kumbuyo, kutali ndithu. Kumbuyoko maso ake anakhalitsako. Nkhope yake inasintha. Anatola mipini yake mwakachetechete, anaikulunga m'thumba n'kuwolokera tsidya lina la msewu osacheuka.

Madzulo amenewo Fatsileni anawafotokozera zonse mayi Chikopa, atakhala pakhonde. Mayiwo anamvetsera akusadzula masamba a nkhwani, osamudula mawu.

"Ine si wodziwa zinthu, mwanawe," anatero pomaliza. "Koma achipatala ayesa, abusa ayesa, uja wa mphini wayesa. Onsewo ndi anthu achilendo. Kwanu unapitako liti?"

Fatsileni anangowerama.

"Chaka chatha," anayankha motsitsa.

"Hm," anatero mayi Chikopa, n'kupitiriza kusadzula.

M'mawa mwake anaimbira foni amayi ake. Anafunsana za moyo, za miyendo, za chimanga.

"Ndaziona ali pomwepo? Ndimuyankhuleko."

"Aa, wapita kusukulu ameneyo," a Nangondo anayankha msangamsanga. "Ali bwinobwino, usadandaule. Iwe uzisamala khosi lakolo."

Atadula foni anamva ana a mayi Chikopa akusewera fulaye pabwalo. Anaima n'kuwerenga masiku. Linali Loweruka.

Lolemba anakwera minibasi yoyamba ya ku Zomba. Kunali chiperoni, kamphepo kozizira ndi mvula yamawawa, ndipo phiri lonse linali litabisala mu mtambo. Anatsika, anayenda wapansi mpaka kwawo. Anapeza amayi ake atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, itatupa ngati mitondo. Ataona kolala m'khosi mwa mwana wawo anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Zafika pamenepa?"

Fatsileni anagwada, anawapatsa moni. Kenako anafunsa, "Amayi, mwana ali kuti?"

A Nangondo anangotembenuzira nkhope kuphiri.

"Amayi."

"Ndikanatani?" anatero a Nangondo. "Zimene umatumizazo zimatha mwezi usanafike pakati. Chimanga chaka chatha sitinapate. Ine sindinamutume, mwanangu, Mulungu ndi mboni. Anangodzuka tsiku lina n'kutenga chikwanje cha mayi ake. Ndinati ndikuuze, koma ndinamva kuti ukudwala. Ndikanakusenzetsanso zimenezi?"

"Anayamba liti?"

"Chaka chatha, titangokolola. Linali Lolemba ngati lero."

"Amapita masiku onse?"

"Kupatula Lamulungu."

Fatsileni ali chikhalire pomwepo, chinthu chija chinafika n'kukhala pamutu pake, mosamala monga mwa masiku onse. Anatseka maso mpaka ululu woyamba utadutsa. Kenako anavula nsapato zake za kuntchito, anavala mapatapata a amayi ake, anamanga chitenje m'chiuno.

"Ukupita kuti ndi khosi limenelo? Adikire pompano, atsika masana."

"Ndadikira mokwanira, amayi."

Njira ya kuphiri inali yoterera, dothi lofiira losakanikirana ndi timasamba ta paini. Chifunga chinali chochindikala moti mitengo inkaoneka itatu kapena inayi yokha kutsogolo. Mbalame sizinkalira. Ankangomva madontho akugwa kuchokera m'nthambi, ndi kwetche, kwetche pamwamba pa mutu wake. Anawoloka kamtsinje kaja. Atafika pamalo pamene Elube anapezeka atagwada, anadutsa osaima.

Atakwera kwa ola limodzi anamva mapazi ambiri akutsika. Anapatukira pambali. M'chifungamo munayamba kutuluka mitolo, umodziumodzi, nsonga zake zikubwera patsogolo, eni ake pambuyo. Amayiwo ankayenda kamayendedwe kawo kaja kothamanga pang'ono, maso pansi, thukuta likuyenderera ngakhale kunkazizira. Wotsogolera anali Abiti Sumani, mnzake wa Elube wa ponda apa nane mpondepo. Atamuona Fatsileni anaima, natsamiritsa mtolo wake pathanthwe.

"Wabwera," anatero. Moni sanapereke.

"Ndabwera. Ndaziona ali kuti?"

"Ali kumapeto. Nthawi zonse amakhala womaliza." Abiti Sumani anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, natsitsa mawu. "Mwanayu amasenza mtolo wa munthu wamkulu. Tinamuletsa, iye amati sumulemera. Poyamba tinkamuika pakati kuti tizimuyang'anira. Koma palibe anapirira kuyenda pambuyo pake kawiri."

"Chifukwa chiyani?"

"Kumbuyo kwakeko kuli kale munthu."

Amayi ena anadutsa, aliyense akumuyang'ana Fatsileni cham'mbali. Panapita kanthawi njira ili yokhayokha. Kenako m'chifungamo munatuluka nsonga ya mtolo wina, waukulu ngati ya anzake, ndipo pansi pake panali kamtsikana kowonda, timiyendo ngati bango, diresi la yunifolomu ya sukulu litang'ambika paphewa. Kumbuyo, kumene mtolowo unkathera, chifunga chinali chakuda kusiyana ndi pena ponse. Fatsileni anaona ngati mkono wokwezedwa m'mwamba, wogwirizira nkhunizo pansi pake. Anayesa kukweza mutu kuti aonetsetse, khosi linakana. Pamene amaphethira, panali chifunga chokha.

Mwana uja anaima.

"Amayi aang'ono!" Kenako anaona kolala. "Khosi latani?"

"Tula, mwanangu."

"Sukulemera. Ndikafika nawo."

"Ndaziona, tula."

Abiti Sumani anamuthandiza kuutsitsa. Mwanayo anaima manja ali lende, osadziwa kuti alakwa kapena ayi. Fatsileni anamatula kolala ija n'kumupatsa kuti agwire. Anatenga nkhata pamutu pa mwanayo, yofunda, yonyowa ndi thukuta, n'kuiika pamutu pake. Anagwada.

"Iwe sunasenzepo chibadwire," anatero Abiti Sumani. "Uthyoka khosi."

"Ndisenzetseni."

Abiti Sumani anapukusa mutu, koma anawerama n'kugwira kutsogolo kwa mtolowo. "Dikira ndiitane wina agwire kumbuyoko."

Asanaitane aliyense, kumbuyo kwa mtolo kunanyamuka pansi, pang'onopang'ono, mpaka kunalingana ndi kutsogolo. Ndaziona anali ataima patali, kolala ili m'manja.

"Bisimila," ananong'ona Abiti Sumani kutchula dzina la Mulungu, maso atayang'ana pansi. Anauika mtolowo pankhata, n'kupita kukasenza wake.

Fatsileni anadzuka. Ankayembekeza kuti agwa, koma kulemerako sikunali kwachilendo. Kunali komwe kuja, kwa tsiku ndi tsiku, pamalo pomwe paja. Khosi lake linauzindikira mtolowo.

Anayamba kutsika, Abiti Sumani patsogolo, Ndaziona pakati, iye pambuyo. Atayenda pang'ono anamva mapazi kumbuyo kwake, mapazi opanda nsapato, oponda motsimikiza, odziwa mwala uliwonse. Anamvanso kupuma. Elube akasenza katundu ankapumira m'mano, kamluzu kakang'ono kamatuluka pampata wa mano ake akutsogolo. Fatsileni anali atakaiwala kamluzu kameneko. Tsopano kanali pafupi, kumapeto kwa nkhuni, sii, sii, sii.

Munthu wosenza mtolo sacheuka. Ngakhale akanafuna, khosi silikanalola. Anangoyenda, misozi ikusakanikirana ndi mvula, mantha ndi chisoni zitamugwira pamodzi moti sanathe kuzisiyanitsa. Paliponse poterera, mtolo ukati upendekeke, unkawongoka wokha.

Atafika pamalo paja, kumtunda kwa kamtsinje, mapazi a kumbuyo anayamba kuzengereza. Fatsileni anaima. Anadikira anzake awoloke, kenako anayankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Achemwali."

Kamluzu kanasiya.

"Ndamva, achemwali. Ndinachedwa. Ndinalonjeza pamaso pa anthu, ndipo ndinachedwa. Mawa ndikupita naye. M'phiri muno sadzapondamonso." Anawongola msana. "Mwatopa. Siyani, ndikafikitsa ndekha."

Kunali zii. Madzi okha ndiwo ankamveka m'miyala. Kenako anamva kanthu kozizira kakumukhudza pankhongo, pomwe panali mphini paja, kamodzi kokha, mopepuka.

Pomwepo mtolo unalemera kawiri. M'maso munachita mdima, anatsala pang'ono kugwada. Anakukuta mano, anagwira nkhuni ndi manja onse awiri, n'kuponda m'madzi. Tsidya linalo anamvetsera. Kumbuyo kunalibe mapazi.

Kuchokera pakamtsinjepo kukafika kunyumba ndi mtunda woti mwana amathamanga osapuma. Iye unamutengera ola lathunthu. Abiti Sumani anafuna kumulandira, anakana. Atafika pabwalo anauponya pansi mtolowo, naye n'kugwera pambali pake, ndipo analira kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro. A Nangondo anakwawa kuchoka pakhonde n'kudzamuika mutu pamiyendo yawo yotupayo.

Dzuwa litapendeka, atamwa madzi, nkhani yovuta inatsala.

"Ndikamutenga, inu mudya chiyani, amayi? Adzakutungirani madzi ndani? Tiyeni tonse."

"M'kachipinda kako kaja anthu atatu?" A Nangondo anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ine pano pali manda a bambo ako ndi a mkulu wako. Sindichoka. Phirili ladya mwana wanga mmodzi ine ndikudya za m'manja mwake. Wachiwiri ayi. Mutenge."

Abiti Sumani anati madzi azidzawatungira, ndipo anasungadi mawu ake. M'mawa mwake Ndaziona analongedza zovala zake m'jumbo imodzi. Chikwanje cha mayi ake anachisiya pansi pa mphasa ya agogo ake. Pochoka, a Nangondo sanathe kuwaperekeza. Anatsala pakhonde, dzanja lili m'mwamba, mpaka awiriwo anakhota pamitengo ya mango.

Ku Bangwe chitenje chobiriwira chija chinakhala pamsomali osasunthanso. M'chipeso munalibenso timasamba, ndipo naini inkakwana n'kudutsa popanda chobwera kudzakhala pamutu. Ndaziona anayamba sukulu, kalasi imodzi kumbuyo kwa anzake. Ankagona pamphasa pakati pa bedi ndi mbaula. Mwezi uliwonse ukatha awiriwo ankakwera minibasi kukaona agogo.

Koma khosi silinachire. Kuwawa kwapansipansi kuja kunatsala, ndipo kukazizira kunkakula mpaka m'mapewa. Anapitanso kwa dokotala wofatsa uja. Anamujambulanso, anayang'ananso nthawi yaitali, anapepesanso. Fatsileni anamuthokoza n'kubwerera kwawo. Anasiya kufunafuna dzina la matenda ake. Ankachita mafizo ake m'mawa, kuntchito ankaimirira ola likatha, ndipo tsiku loipa ankanena poyera kuti lero sindili bwino, wotsonya atsonye.

Madzulo ena a mwezi wa Julaye anafika kunyumba khosi litauma gwaa, osatha ngakhale kuvula juzi. Anakhala pamphepete pa bedi atatseka maso. Ndaziona anatereka madzi pambaula, anatenga kathaulo, anakaviika, anakafinya, n'kukwera pabedi kumbuyo kwake. Anayamba kumuthowa. Anayambira pansi pa khutu, kutsika ndi mtsempha mpaka paphewa, kukanikiza ndi chala chachikulu pamalo penipeni pamene ululu unkabisala, pamene ngakhale a mafizo ankapaphonya.

"Iwe, unaphunzira kuti kuthowa chonchi?"

"Ndinkawathowa amayi."

Fatsileni anatsekula maso. "Amayi ako ankadwala khosi?"

"Tsiku lililonse akatsika kuphiri. Apa, ndi apa." Anakanikiza mbali zonse ziwiri. "Tinkapita kuseri kwa bafa kuti agogo asaone. Likawawa kwambiri ankaluma chitenje."

"Kuyambira liti?"

"Kaya. Ankati linayamba ine ndisanabadwe, inu muli kupulayimale."

Mwanayo anaviikanso kathaulo, anakafinya. Nthunzi inakwera pakati pawo.

"Ine ndinkabwera holide iliyonse," anatero Fatsileni. "Tinkagona mphasa imodzi. Bwanji sanandiuzepo?"

"Mukabwera inu sitinkathowa. Ankadikira mupite." Ndaziona ankayankhula mosavutika, monga mwana wonena zinthu zimene wakhala akuzidziwa kuyambira kale. "Ankati, usadzawauze amayi ako aang'ono. Fatsi ndi wamtima wofewa, akadziwa asiya sukulu."

Mapewa a Fatsileni anayamba kugwedezeka pansi pa manja a mwanayo.

"Ndakupwetekani?"

"Ayi, mwanangu."

"Ndisiye?"

"Usasiye. Thowa pomwepo."

Madzi atazizira, Ndaziona anatsika pabedi, anakupiza makala, n'kuwaterekanso.